Grace Hopper: mayi amene ankayamba afunsa kaye

Anzanga, ambirife tikamva za kompyuta timangoganiza za anyamata a Facebook. Ine lero ndikuuzani za Mayi Grace Hopper a ku America, amene anayamba ntchitoyi makolo athu asanabadwe n'komwe.

Mayiwa anabadwira ku New York pa 9 Disembala 1906. Akuti ali ndi zaka 7 anamasula mawotchi 7 a m'nyumba mwawo pofuna kuona mmene amayendera. Masamu ankawakonda kwabasi, moti mu 1934 anatenga digiri yapamwamba kwambiri ya masamu ku yunivesite ya Yale. Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, analowa usilikali wa pamadzi, ndipo chaka chotsatira anawatumiza ku Harvard kukagwira ntchito pa Mark I, chimakina chowerengera chotalika kuposa mamita 15.

Mu 1949 analowa ntchito ku kampani ya Eckert-Mauchly yomwe inkapanga kompyuta yotchedwa UNIVAC. Masiku amenewo pulogalamu inkalembedwa ndi manambala ndi zizindikiro zomveka kwa akatswiri okha basi. Koma amene ankafuna makinawo anali anthu a m'maofesi, owerengera malipiro ndi katundu. Mayi Hopper anaona kuti anthuwa zizindikiro za masamu sazifuna. Ndiye iwo ndi gulu lawo anapanga FLOW-MATIC, njira yolamulira kompyuta ndi mawu wamba a Chingerezi. Poyamba ambiri ankati sizingatheke, koma zinatheka ndithu.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi cha mu 1959. Akuluakulu a boma, opanga makompyuta ndi ogwiritsa ntchito anakumana ku Pentagon, n'kugwirizana kaye zimene akufuna: chinenero cha kompyuta chosavuta kuwerenga, choyenera ntchito za bizinesi, chogwira pa makina a makampani osiyanasiyana. Apo m'pamene panachokera COBOL, yomwe inatengera zambiri ku FLOW-MATIC, ndipo Mayi Hopper anali mmodzi mwa alangizi. Mabanki ambiri akuigwiritsabe ntchito mpaka pano.

Mu 1967 asilikali a pamadzi anawaitananso atapuma kale. Gulu lawo linakonza mayeso oonera ngati COBOL ya kampani iliyonse ikutsatadi zimene anagwirizana.

Akatswiri masiku ano ntchito yotereyi amaitcha requirements engineering. Mfundo zake n'zitatu: funsa amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo, lemba zofuna zakezo momveka bwino kuti nonse mugwirizane, kenako yesa ngati chimene wapangacho chikuchita zomwezo. Tiyerekeze kuti wina akupangira sukulu yathu ino pulogalamu yosungira malikisi. Akapanda kufunsa aphunzitsi, mwina apanga yofuna intaneti nthawi zonse komanso yotaya zonse magetsi akathima. Ndalama zapita, ndipo aphunzitsi abwerera ku kope lawo lakale lija. Paja akulu amati safunsa anadya phula, eti?

Mayi Hopper anapuma komaliza mu 1986 ali ndi zaka 79, ali pa udindo wa rear admiral. Anamwalira pa 1 Januwale 1992 ndipo anaikidwa ku manda a asilikali a Arlington. Inu amene mukulota zodzapanga mapulogalamu, makamaka atsikana anzanga, yambani lero lomwe kuzolowera kufunsa ndi kumvetsera.