TOMO NYIRENDA, MWANA LESA WA KU MKUSHI

Mbiri zambiri zimene Akristu amawerenga ndi za anthu amene anatsiriza bwino ulendo wao, kuti otsala atsate mapazi ao. Koma Buku Lopatulika linasunganso mbiri ya Balamu ndi ya Simoni wanyanga wa ku Samariya, kuti anthu a Mulungu adziwe pamene pali mbuna. Mbiri ya Tomo Nyirenda iri ya mtundu umenewo. Munthuyu anaphunzira pa sukulu ya misyoni, anadziwa kuwerenga Mau a Mulungu, nayamba nchito yace ndi kuuza anthu kuti aleke zoipa. Koma cisanathe caka cimodzi, anthu pafupifupi 200 anali atafera m'madzi a ubatizo wace.

Tomo anabadwira kumpoto kwa dziko la Nyasaland, limene lero ndi Malawi, mwa mtundu wa Ahenga. Anaphunzira zaka 6 m'sukulu za misyoni ya Livingstonia. Masiku amenewo msonkho ndi kusowa kwa nchito zinali kucotsa anyamata ambiri m'midzi mwao, ndipo Tomo nayenso analowa ulendo wa ku Northern Rhodesia, nafika ku Broken Hill, mudzi wa mgodi umene tsopano ndi Kabwe. Anagwira nchito ya ukhukhi kwa Azungu, nayendayenda kufikira anakhala m'dera la Mkushi, pakati pa Alala.

Kumeneko anakomana ndi ciphunzitso ca Citawala. Ciphunzitsoci cinalowa m'Nyasaland mu 1908 ndi Elliot Kamwana, amene nayenso anali wophunzira wa Livingstonia. Iye anabwera naco kucokera ku South Africa, nalalikira pakati pa Atonga kuti maufumu a dziko lino adzatha mu 1914, nabatiza anthu zikwi zambiri m'miyezi yowerengeka. Ku misyoni munthu anayenera kukhala m'kalasi zaka asanabatizidwe, koma kwa Kamwana anabatizidwa tsiku lomwelo. Boma linamcotsa m'dziko mu 1909, koma mau ace anayenda ndi anthu opita ku migodi. Alaliki amene anauka pambuyo pace sanali kulamulidwa ndi eni ciphunzitsoco a ku America, ndipo yense anaonjezapo zace. Mmodzi wa iwo, Gabriel Phiri, ndiye anabatiza Tomo mu 1925. Posacedwa Tomo anayamba kulalikira ndi kubatiza yekha, wopanda mkuru wa mpingo kapena msonkhano womuyesa ndi kumtuma.

Alala anamlandira ndi manja awiri, ndipo cifukwa cace sicibvuta kucidziwa. Boma linali litaletsa mwabvi, ndipo anthu anali kunena kuti mfiti zacuruka popeza palibenso wozigwira. Mwana akafa, mantha ndi kuganizirana zinali kudzaza mudzi. Tsono anafika munthu wa Buku m'manja, wonena kuti cimariziro cayandikira, kuti anthu ataye nyanga ndi zithumwa zao, ndi kuti wobatizidwa adzapulumuka. Akuru a Boma anamtsekera m'ndende masiku owerengeka cifukwa sanalembetse monga mlendo wocokera ku dziko lina, koma ataturuka mbiri yace inangokula.

Pamenepo ciphunzitso cace cinapotoka koposa. Anayamba kunena kuti madzi a ubatizo amaulula mfiti, ndi kuti munthu amene thupi lace silimira lonse m'madzi ndiye wa ufiti. Poyamba otere anali kungowabweza osabatizidwa. Koma anadzafika kwa mfumu Shaiwila, imene inali ndi anthu amene inali kuwaopa ndi kuwaganizira zoipa. Mlaliki ndi mfumu anamvana, ndipo kuyambira apo wolozedwa cala anali kumkanikiza m'madzi kufikira atafa. Anthu 16 anaphedwa motero m'dera limenelo. Tomo analola kuti anthu amuitane Mwana Lesa, ndiko kunena Mwana wa Mulungu m'cinenero ca Alala. Anaoloka malire kulowa m'dziko la Congo, kumene kunalinso midzi ya Alala, ndipo kumeneko anthu oposa 170 anafa ndi ubatizo wace.

Asilikari a Boma la Belgium atayamba kumsaka, Tomo anathawira ku Northern Rhodesia, kumene anagwidwa namangidwa ndi zingwe. Zingwezo zinamangidwa zolimba kotero kuti manja ace anaola, ndipo ku cipatala ca ku Broken Hill anawadula onse awiri. Mlandu wace unazengedwa komweko, ndipo kuciyambi kwa 1926 iye ndi mfumu Shaiwila ananyongedwa.

Mkushi ndi kutali ndi Katete, Sinda ndi Vubwi, koma njala imene inakokera Alala kwa Tomo inafikanso Kum'mawa. Mu 1933 ndi 1934 anyamata a Mcape, amene nchito yao inayambira ku Mulanje, anayenda m'midzi ya Nyasaland ndi ya Northern Rhodesia. Anali kuimika anthu pa mzere, kuwayang'ana m'kalirole, kusonkhanitsa nyanga, ndi kumwetsa mudzi wonse mankhwala, nanena kuti wobwerera ku ufiti atamwa adzafa. Pakati pa omwawo panalinso Akristu obatizidwa. Mu 1947 Acewa ambiri a m'dera la Fort Jameson, lero Chipata, anayenda maulendo atali kukafuna citetezo kwa Bwanali ndi Mpulumutsi. Mau a Mulungu anali atafika kale ku Magwero mu 1899 ndi ku Nyanje mu 1905, komabe mantha a ufiti sanathe ndi kumangidwa kwa nyumba zopemphereramo. Cifukwa cace mbiri ya Tomo iri ndi maphunziro atatu kwa mipingo ya kuno.

Loyamba ndi la nkhondo ya Mkristu. Tomo sanalakwe ponena kuti mphamvu za mdima ziripo ndi kuti nyanga ziyenera kutayidwa. Analakwa posokoneza mdani. Pa Aefeso 6 mtumwi Paulo aphunzitsa kuti amene Mkristu alimbana naye ndiye Satana ndi makamu ace, osati munthu mnzace, ndipo zida zimene azichula ndizo coonadi, cilungamo, Uthenga wa mtendere, cikhulupiriro, cipulumutso, Mau a Mulungu ndi pemphero. Cingwe, kalirole ndi dziwe lomizamo anthu palibe pa zida zimenezo. Pakati pa Acewa wolozedwa cala kawirikawiri ndi wa pa mbumba pomwepo, monga malume, mbale kapena agogo, amene pali naye mkangano wa munda, wa ng'ombe kapena wa ufumu. Pamene abale aukirana motero, Satana wapambana kale, pakuti iye ndiye wonenera abale ndi wambanda kuyambira kale.

Laciwiri ndi la citsimikizo ca cipulumutso. Anthu anathamangira kwa Tomo pofuna cizindikiro cooneka ndi maso cakuti ali oyera. Iye anaika cizindikiroco m'madzi, a Mcape anaciika m'botolo. Ubatizo ndi sakramento lopatulika, koma madzi pa okha sasintha mtima, ndiponso saulula za mumtima. Simoni wa ku Samariya anabatizidwa, koma Petro anamuuza kuti mtima wace sunali wolungama, monga pa Macitidwe 8. Wacifwamba wolapa uja wa pa Luka 23 anafa wosabatizidwa, koma Ambuye anamlonjeza Paradaiso. Citsimikizo ca Mkristu cikhazikika pa imfa ndi kuuka kwa Yesu Kristu, pa lonjezo la Mulungu kwa yense wokhulupira, ndi pa umboni wa Mzimu Woyera mumtima, umene uoneka ndi zipatso za moyo watsopano. Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, ayamba ndi phunziro lomweli, lakuti citonthozo ca wokhulupira pa moyo ndi pa imfa ndico kukhala wace wa Kristu. Munthu wodziwa ici alibe cifukwa ca kuimanso pa mzere kuti wina amuyese ngati ali wa Mulungu.

Lacitatu ndi la kuyesa aphunzitsi. Pa 1 Yohane 4 Akristu alamulidwa kuyesa mizimu, ndipo pa Mateyu 7 ndi 24 Ambuye acenjeza za aneneri onama amene adzadziwika ndi zipatso zao, ndi za ena odzacita ngati iwo ndiwo Kristu. Kudziwa mavesi si umboni wokwanira, pakuti Tomo anawadziwa. Khamu lalikuru la otsata silitsimikiza kanthu, pakuti midzi yathunthu inamtsata. Mpingo ufunse kuti mphunzitsiyo akweza dzina la yani, la Kristu kapena lace. Ufunse ngati alola kuyesedwa ndi Malembo pamaso pa akuru a mpingo. Ufunsenso cimene asiya m'mudzi akacoka, kaya kulapa ndi ciyanjano, kaya mantha ndi udani. Tomo analandira dzina loyenera Yesu yekha, sanayesedwe ndi munthu, ndipo m'midzi imene anapitamo anasiya maliro.

Lamulo la dziko la Zambia liletsa kunenera munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silicotsa mantha mumtima. Cotero mlendo akafika m'mudzi wa kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo, wonena kuti ali ndi mphamvu ya kuona mfiti m'dzina la Yesu, akuru a mpingo asadikire kufikira nkhalamba yaturutsidwa m'nyumba mwace. Ayese mau ace ndi Buku Lopatulika anthu onse akumva, ayendere banja lofedwa ndi kupemphera nalo, ndipo aime pambali pa wonenezedwayo. Alala a ku Mkushi anasowa anthu otere mu 1925.