Kukai: Mmonke Amene Analemekeza Mizimu ya Phiri

Mwa anthu akale a ku Japan, Kukai ndi amene amandichititsa chidwi kwambiri, chifukwa moyo wake ukuyankha funso lovuta: kodi chipembedzo chochokera kunja chingazike bwanji mizu popanda kupirikitsa mizimu ya eni nthaka?

Kukai anabadwa m'chaka cha 774 m'chigawo cha Sanuki, pachilumba cha Shikoku. Ali mnyamata analowa sukulu yaukachenjede imene inkasula nduna za boma, koma anaisiyira panjira n'kupita kukasinkhasinkha m'mapiri ndi m'mapanga a m'mphepete mwa nyanja. Dzina lakuti Kukai limatanthauza thambo ndi nyanja.

M'chaka cha 804 anakwera chombo kupita ku China. Mumzinda wa Chang'an anaphunzira Chisanskrit, ndipo m'chaka cha 805 mphunzitsi wake Huiguo anamutula ziphunzitso zachinsinsi za Chibuda. Atabwerera kwawo mu 806 anayambitsa gulu la Shingon, dzina lotanthauza mawu oona. Monga wophunzira za chiyankhulo, apa ndi pamene pamandikoka mtima. Kukai ankaphunzitsa kuti liwu, chilembo ndi choonadi n'zosalekanitsika, kotero kuti chilengedwe chonse chimalalika uthenga wa Buddha. Iye analembanso mtanthauziramawu wa zilembo za Chitchaina, wakale kwambiri mwa onse olembedwa ku Japan amene alipobe.

Munthu wa maganizo otere sakanaona phiri ngati malo wamba. M'chaka cha 816 mfumu Saga inamupatsa phiri la Koya kuti amangepo nyumba ya amonke. Komatu phirilo linali ndi eni ake kale. M'chipembedzo cha Chishinto mapiri, mitengo ndi mathithi zimakhala ndi mizimu yotchedwa kami. Nthano imati mzimu wina unadza ngati mlenje wa agalu awiri n'kumulondolera njira, ndipo mzimu wamkazi wa deralo, Niutsuhime, unamuloleza kukhalapo. Nthanoyi ikuonetsa mmene otsatira ake ankamuonera: mlendo wodziwa kuodira pakhomo. Mizimuyo anaimangira kachisi wake pakati pa akachisi a Chibuda, kuti ikhale alonda a malowo.

Sanaiwalenso zosowa za anthu wamba. Mu 821 anatsogolera ntchito yokonza damu la Mannoike, limene alimi a ku Sanuki amathirira nalo mpunga mpaka lero. Cha m'ma 828 anatsegula sukulu ku Kyoto yolandira ngakhale ana a anthu osauka.

Kukai anamwalira pa Koya m'chaka cha 835, ndipo mu 921 anapatsidwa dzina laulemu lakuti Kobo Daishi. Otsatira ake amakhulupirira kuti akadasinkhasinkhabe m'manda mwake, n'chifukwa chake amonke amamuperekera chakudya kawiri patsiku. Ku Shikoku, apaulendo wachipembedzo amazungulira akachisi 88 pomukumbukira, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200.

Mgwirizano umene anauyala unayesedwa mu 1868, boma litalamula kuti Chishinto ndi Chibuda zilekanitsidwe. Akachisi ambiri a Chibuda anaphwasulidwa, koma pa Koya kachisi wa kami anatsala chiimire. Mu 2004 bungwe la UNESCO linaika phirili, pamodzi ndi kachisi wa Niutsuhime, m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Kwa ine, chimene chinakhazikitsa ntchito ya Kukai si nzeru za ku China zokha ayi, komanso ulemu umene anapereka kwa amene anawapeza.