Mayi Corrie ten Boom: Anakhululuka Mtima Usanafune

Tsiku lililonse timanena Pemphero la Ambuye, ndipo m'menemo timapempha Mulungu kuti atikhululukire pa muyeso womwe ifenso tikukhululukira anzathu. Ponena mpofewa, koma tonse tikudziwa kuti mumtima imakhala nkhani ina. Lero tiyeni tione moyo wa mayi wina wa ku Holland amene anakumana nalo maso ndi maso vuto limeneli.

Mayi Corrie ten Boom anabadwa pa 15 April 1892 ndipo anakulira mumzinda wa Haarlem. Sanali a mpingo wathu wa Anglican. Banja lawo linali la Dutch Reformed. Bambo awo, a Casper, anali okonza mawotchi, ndipo Mayi Corrie anaphunzira ntchito yomweyo mpaka anakhala mkazi woyamba m'dzikomo kulandira chilolezo cha ntchitoyi mu 1922. Sanakwatiwe. Ankakhala ndi bambo awo pamodzi ndi mkulu wawo, Mayi Betsie.

Mu 1940, pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, asilikali a Germany analanda dziko la Holland ndipo posakhalitsa anayamba kugwira Ayuda ndi kukawapha. Banjali linatsekula khomo lawo kwa Ayuda othawa. M'chipinda chogona cha Mayi Corrie anamangamo khoma lina, ndipo kuseri kwake kunatsala kampata kobisalamo anthu ochepa.

Koma munthu wina wa m'dziko lomwelo anawapereka. Pa 28 February 1944 apolisi anabwera ndi kumanga banjali. Anthu 6 amene anali kuseri kwa khoma lija sanawapeze. A Casper, omwe anali ndi zaka 84, anamwalira patangotha masiku 10 chimangidwireni. Mayi Corrie ndi Mayi Betsie anawapititsa kundende zina, kenaka ku Ravensbrück, ndende ya amayi ku Germany. Kumeneko kunali njala, kuzizira, ntchito yakalavulagaga ndi kumenyedwa. Amayi ankawavula ndi kuwayendetsa ali maliseche pamaso pa alonda aamuna. Komabe awiriwa anali ndi Baibulo lomwe analowa nalo mobisa, ndipo madzulo ankawerengera akaidi anzawo. Mayi Betsie, ngakhale ankadwala, ankapempherera alonda omwe ankawazunza. Iwo anamwalira pa 16 December 1944. Patapita masiku ochepa Mayi Corrie anatulutsidwa, ndipo anadzamva pambuyo pake kuti kunali kulakwitsa chabe kwa kalaliki.

Nkhondo itatha, anatsekula nyumba ku Bloemendaal yosamaliramo anthu ochokera kundende. Kumeneko anaona kuti amene anatha kukhululukira adani awo ndiwo anatha kuyambiranso moyo, pamene osunga chakukhosi anakhalabe odwala. Analemberanso kalata munthu uja anawapereka, kumuuza kuti amukhululukira.

Mayeso aakulu anabwera mu 1947. Mayi Corrie anapita ku Germany kukalalikira, ndipo m'tchalitchi china ku Munich analankhula za chikhululukiro cha Mulungu. Atatsiriza, bambo wina anabwera kutsogolo. Iwo anamuzindikira pomwepo: anali mmodzi wa alonda a ku Ravensbrück, amene iwo ndi mkulu wawo anadutsa pamaso pake ali maliseche. Bamboyo anati tsopano ndi Mkhristu, ndipo anatambasula dzanja kupempha kuti amukhululukire.

Dzanja la Mayi Corrie linauma. Munthu amene anali atangolalikira kumene za kukhululuka anapeza kuti mumtima mwake mulibe chikhululukiro ngakhale pang'ono. Koma ankadziwa chiphunzitso cha Ambuye pa Mateyu 6:14-15, kuti wokana kukhululukira mnzake akudzitsekera yekha chikhululukiro cha Atate. Anapemphera chamumtima kuti Yesu awathandize, nati iwo angathe kukweza dzanja lokha, zotsalazo achite ndi Ambuye. Anakweza dzanjalo mtima usakufuna. Atangogwirana chanza ndi bamboyo, chikondi chimene analibe chinawadzaza, ndipo anamukhululukira ndi misozi.

Apa ndi pamene pali phunziro lathu. Ambiri timadikira kuti mtima uyambe wazizira ndiye tikhululuke, ndipo zaka zimatha tikudikira. Mayi Corrie anayamba ndi kumvera, kuzizira kwa mtima kunabwera pambuyo. Sanati zimene alonda anachita zinali zazing'ono, ndipo anapitiriza kuuza dziko lonse za nkhanzazo. Ifenso kukhululuka sikutanthauza kubisa nkhanza kapena kukhala chete pamene mwana kapena mayi akuzunzidwa. Kumatanthauza kusiya kubwezera m'manja mwa Mulungu.

Tisaganize kuti atapambana ku Munich nkhondo yawo inathera pomwepo. Atakalamba anavomera kuti zinawavutabe kukhululukira Akhristu anzawo, abwenzi awo enieni, amene anawalakwira. Ankati anawakhululukira, koma anali atasunga makalata a anthuwo ngati umboni wa kulakwa kwawo. Mlendo wina atawadzudzula mwachikondi, anatenga makalatawo ndi kuwatentha. Kodi si mmene zilili pakati pathu? Kawirikawiri wotilakwira si mdani wakutali. Ndi apongozi, ndi mlamu amene anatenga katundu pa maliro, ndi mayi mnzathu wa m'bungwe lomwe lino amene anatinena. Timapatsana mtendere pa Misa, tikugwada pamodzi pa guwa, koma kampeni kali kumphasa.

Mayi Corrie anayenda m'maiko oposa 60 akulalikira, ndipo buku la mbiri yawo, The Hiding Place, linatuluka mu 1971. Anamwalira ku California, m'dziko la America, pa 15 April 1983, tsiku lomwe anakwanitsa zaka 91.

Amayi, tisanakumanenso pa msonkhano wathu wotsatira, aliyense adzifunse kuti wasunga makalata a ndani mumtima mwake. Tisadikire kuti mtima ufune. Titchule dzina la munthuyo m'pemphero, ndipo ngati nkotheka tipite tikamupatse moni. Ambuye amene anatilamula kukhululuka adzatipatsanso mphamvu yake.