LOUIS-MARIE WA KU MONTFORT WOYERA: WANSEMBE AMENE ANAONA YEZU M'CHIPANGANO CHAKALE

Akhristu a ku Neno alidziwa bwino dzina la Montfort, pakuti ansembe a chipani chake ndiwo anatsegula mishoni ya Neno m'chaka cha 1906, patapita zaka 5 chifikire anzawo atatu oyamba ku Nzama m'chaka cha 1901. Koma ambiri a ife tidziwa ana okha, atate awo osawadziwa. Popeza Eklezia akumbukira Woyera ameneyu pa 28 Epulo, nkoyenera kuti timve za moyo wake ndi za njira imene ankawerengera Malembo Oyera.

Louis Grignion anabadwa pa 31 Januwale 1673 m'mudzi wa Montfort, m'chigawo cha Bretagne, dziko la France. Atate ake anali odziwa za malamulo, koma banja linali lalikulu ndipo chuma chinali chochepa. Mnyamatayo anaphunzira zaka 8 kwa ansembe a chipani cha Yezu mumzinda wa Rennes. Atamva kuti Mulungu alikumuitana, ananyamuka wapansi kunka ku Paris, ndipo panjira anapatsa amphawi ndalama zake ndi zovala zake zatsopano. Anaphunzira ku seminale ya Saint-Sulpice, nalandira unsembe m'mwezi wa Juni 1700. Dzina lakuti Montfort analitenga pofuna kulemekeza malo amene anabatizidwira.

Ntchito yake yoyamba yodziwika inali yosamala amphawi ndi odwala m'chipatala cha ku Poitiers. Kumeneko, m'chaka cha 1703, anaveka mtsikana Marie-Louise Trichet chovala cha usisitere, ndipo ichi chinali chiyambi cha chipani cha Asisitere otchedwa Ana a Nzeru. Koma akuluakulu ambiri sanakondwere ndi machitidwe ake, namuletsa kulalika m'malo ena. Pothedwa nzeru, anayenda wapansi kufikira ku Roma m'chaka cha 1706, ali ndi mtima wofuna kutumidwa ku maiko akutali. Papa Clement XI anamubweza kwawo, namuuza kuti ntchito ilipo yokwanira m'France momwemo: aphunzitse katekisimu, athandize anthu kubwereza malonjezo a ubatizo, ndi kumvera aepiskopi nthawi zonse. Taonani kuya kwa nzeru za Mulungu. Ulendo umene iye anakanizidwa, ana ake anauyenda, ndipo patapita zaka 200 zenizeni anafika m'mapiri a Neno.

Chiyambire pamenepo anayenda mudzi ndi mudzi, kulalika, kuphunzitsa Korona ndi kupeka nyimbo zambiri zoti anthu osadziwa kuwerenga asungiremo chiphunzitso. Ku Pontchâteau anthu mazanamazana anagwira ntchito yaulere kopitirira chaka, kuunjika dothi kuti pakhale phiri la Kalvario. Kutatsala tsiku limodzi kuti alidalitse pa 14 Seputembala 1710, mawu anafika oletsa mwambowo, ndipo pambuyo pake linagumulidwa mwa lamulo la mfumu Louis XIV. Montfort sanatukwane munthu, koma anapita kukapemphera kwayekha, nalandira manyaziwo ngati mtanda wake.

Mphamvu yotere inachokera m'Malembo Oyera. Iye sanawerenge Chipangano Chakale monga nthano za makolo a anthu ena. Potsata Atate a Eklezia, anaona kuti anthu ndi zochitika za m'menemo ndizo mithunzi ya Mpulumutsi wolonjezedwa. Munthu akamadza m'mawa dzuwa liri kumbuyo kwake, mthunzi wake ndiwo uyamba kufika pakhomo, mwini wake asanaoneke. Momwemonso Adamu, Isaki, Yakobo, Yosefe ndi Mose anatsogola, koma mwini mthunziwo ndi Yezu Kristu.

M'buku lake lonena za chikondi cha Nzeru Yosatha, anaphunzitsa kuti Nzeru imene mabuku a Chipangano Chakale aitamanda ndiye Mwana wa Mulungu mwini. Nzeru yomwe inasunga Nowa pa chigumula, inatsika ndi Yosefe m'ndende, niitsogolera Mose pa Nyanja Yofiira, ndiyo inadzakhala munthu m'mimba mwa Maria Virigo ndi kutifera pa mtanda.

M'buku lina lonena za kudzipereka koona kwa Maria, anamasulira nkhani ya pa Genesis 27. Isaki atakalamba ndi kuchita khungu, anafuna kudalitsa Esau, mwana wake wamkulu. Rebeka anauza Yakobo kuti atenge ana a mbuzi awiri. Anawaphika monga momwe Isaki ankakondera, naveka Yakobo zovala za mkulu wake, ndipo Yakobo analandira dalitso. Montfort anafotokoza kuti Yakobo, amene ankakhala pakhomo ndi kumvera amai ake, ndiye chifaniziro cha Yezu ndi cha onse omutsata. Esau, amene ankadalira mphamvu zake nagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza, afanizira anthu osinthanitsa za kumwamba ndi zokoma za kanthawi. Rebeka afanizira Maria. Ana a mbuzi awiri aja ndiwo thupi lathu ndi mzimu wathu, zimene Maria azikonza kuti zikomere Atate. Zovala za mwana wamkulu ndizo zabwino za Yezu, Mkulu wathu weniweni, zimene tivala kuti tilandire dalitso losatiyenera.

Aphunzitsi a katekisimu achenjere pamenepa, pakuti ophunzira adzafunsa ngati Mulungu akondwera ndi chinyengo. Iyai, sakondwera nacho. Yakobo yemweyo anathawa kwawo, nanyengedwanso ndi Labani, amalume ake. Mthunzi sufanana ndi mwini wake pa zonse. Yakobo anatenga dalitso la mbale wake mobisa, koma Yezu apatsa abale ake dalitso lake poyera, atalipira ndi magazi ake.

Ntchito ndi ulendo zinamufooketsa msanga, ndiponso ku La Rochelle adani anamuthirira chiphe m'chakudya, thupi lake osapezanso bwino. Anamwalira pa 28 Epulo 1716 ku Saint-Laurent-sur-Sèvre, ali pakati pa kulalika, ali ndi zaka 43. Anasiya ansembe awiri okha, abrazala owerengeka ndi asisitere ochepa. Buku lake lonena za Maria linabisika zaka zambiri, kufikira linapezeka m'chaka cha 1842 ndi kusindikizidwa m'chaka cha 1843. Papa Leo XIII anamutcha Wodala m'chaka cha 1888, ndipo Papa Pius XII anamuika m'gulu la Oyera pa 20 Julayi 1947.

Inu aphunzitsi ndi makolo, pofotokozera ana za Isaki atasenza nkhuni, za Yosefe wogulitsidwa ndi abale ake, kapena za mwanawankhosa wa Paska, musalekere panjira. Afunseni kuti mthunziwo ndi wa yani, ndipo muwaperekeze kufikira pa mtanda ndi pa guwa la Misa. Louis-Marie wa ku Montfort Woyera, mutipempherere ife.