Mbiri ya Eugene Bullard, Munthu Wakuda Woulutsa Ndege za Nkhondo

Pamene nkhondo yaikuru ya Ajeremani inabuka m'caka ca 1914, dziko la America linakhala duu, osalowamo kufikira 1917. Koma anyamata ena a kumeneko sanadikire. Anaoloka nyanja mwa kufuna kwao, nadzipereka kwa Afalansa, ndipo ena a iwo anaphunzira kuulutsa ndege, zimene masiku amenewo zinali za matabwa ndi nsaru cabe. Dzina la gulu lao ndilo Lafayette Flying Corps. Mwa onsewo wakuda anali mmodzi yekha, ndiye Eugene Bullard.

Iyeyu anabadwa pa 9 October 1895 ku Columbus, m'cigawo ca Georgia. Akali mwana, Azungu anasaka atate wace kuti awaphe cifukwa anamenyana ndi kapitao ku nchito. Pokhala wa zaka 11 anathawa kwao, ndipo m'caka ca 1912 anabisala m'sitima ya Ajeremani yonyamula katundu, imene inamtula ku Aberdeen m'dziko la Scotland. Inu amene munasiya mudzi kudzafuna nchito kutali mudziwa bwino njala ya mlendo, sindiyenera kukufotokozerani. Anadzithandiza ndi masewera a nkhonya kufikira anafika ku Paris. Kumeneko mtima wace unakhazikika, pakuti anthu anamlandira monga munthu.

Cifukwa cace, nkhondo itayamba, analembetsa usilikali m'gulu la alendo la Foreign Legion mu October 1914. Anabvulazidwa kwambiri ku Verdun mu March 1916, nalandira mendulo ya Croix de Guerre. Wina akadati zakwana. Iye atacira anapempha kuphunzira ndege, nalandira kalata wa woulutsa ndege pa 5 May 1917. Anauluka kukakomana ndi adani maulendo ngati 20, ndipo anali kutenga kapusi kace, Jimmy, kukwera nako kumwambako.

Tsopano apa ndipo pali powawa. America atalowa nkhondo, anaitana ana ace amene anali kuulutsa ndege za Afalansa kuti abvale malaya a kwao. Bullard anapimidwa ndi madokotala monga anzace. Azungu anatengedwa, iye nasiyidwa. Panalibe cina comletsa koma khungu. Posacedwa anabwezedwa kwa asilikali oyenda pansi, ndipo sanaulutsenso ndege ya nkhondo.

Mtendere utafika anakhala ku Paris, woyimba ng'oma ndi mwini nyumba ya magule, nakwatira mkazi wa Cifalansa amene anambalira ana. M'caka ca 1940 anagwiranso mfuti pochinjiriza mzinda wa Orléans, nabvulala, nathawa kudzera ku Spain kunka ku New York, atataya cuma cace conse.

Kwao kuja panalibe womdziwa. Pa ukalamba wace anali woyendetsa cikepe ku Rockefeller Center, kukweza ndi kutsitsa anthu tsiku lonse. Afalansa okha sanamuiwale: m'caka ca 1954 anamuitana kukayatsa moto pa manda a msilikali wosadziwika ku Paris, ndipo mu 1959 anampatsa ulemu wa Légion d'honneur.

Anamwalira pa 12 October 1961 ndi nthenda ya khansa ya m'mimba, naikidwa ku Flushing, New York, pakati pa asilikali akale a France. Gulu la ndege za nkhondo la America linampatsa udindo wa second lieutenant m'caka ca 1994, atagona m'manda zaka 33.