Abdur-Rahman ibn Awf (RA): anayamba geni wopanda mpamba



Pa Hijra ya mu 622, Abdur-Rahman ibn Awf anasiya chuma chake chonse ku Makkah n'kufika ku Madinah chimanjamanja. Mtumiki (SAW) anamulumikiza pa ubale ndi Sa'd ibn ar-Rabi', mmodzi mwa ma Ansar olemera, ndipo Sa'd anafuna kumugawira theka la chuma chake. Iye anathokoza, anamupangira dua, kenako anangopempha kuti amulozere kumsika. Anapita ku msika wa Qaynuqa n'kuyamba ndi mafuta a mkaka ndi mkaka wouma. Sipanapite nthawi yaitali, anakwatira ndipo mahari anapereka golide.

Nanga ndalama zinachuluka bwanji? Imam al-Ghazali m'buku la Ihya akutchula zinthu zitatu zimene iye ankatsatira: sankakana phindu ngakhale lochepa, sankachedwetsa kugulitsa chiweto wogula akapezeka, ndipo sankagulitsa pa ngongole. Akufotokozanso kuti nthawi ina anagulitsa ngamila 1,000 pa mtengo womwe anagulira, n'kutsala ndi zingwe zomangira zokha. Chingwe chilichonse anagulitsa dirham imodzi, n'kupeza ma dirham 1,000.

Taganizani bwino pamenepa. Ngamila ikakhala m'khola imadya, imadwala, ina imafa, ndipo ndalama yako yagona. Akaigulitsa lero, mawa ndalamayo yaoda katundu wina. Phindu la 5 pa 100 lobwera kakhumi limaposa la 30 pa 100 lobwera kamodzi. Amene amagula soya ndi mtedza ku Nsaru kapena ku Kabudula akudziwa: matumba osungidwa miyezi kudikira mtengo amafuna malo, amaonongeka, ndipo mtengowo nthawi zina umatsika m'malo mokwera. Sindikunena kuti kusunga mbewu n'kolakwika nthawi zonse, koma ambiri sitiwerengera zimene kudikirako kumatidyera. Za ngongole ndiye musachite kufunsa. Maokala angati pa Mpingu ndi pa Namitete atsekedwa chifukwa cha kabuku ka "ndidzapereka pa mapeto a mwezi"? Mwini wake mpamba ukatha amathamangira katapila, yemwe ndi riba yeniyeni.

Komatu sanali munthu wa msika wokha. Anamenya nawo nkhondo ya Badr, ndipo pa Uhud anavulala mabala oposa 20 mpaka ankayenda motsimphina. Pa ulendo wa Tabuk, Mtumiki (SAW) anaswali Fajr pambuyo pake. Ndi mmodzi mwa khumi olonjezedwa Jannah. Mu 644 Umar (RA) anamuika m'gulu la anthu 6 osankha Khalifa. Iye anadzichotsa pa mpikisanowo, anafunsa maganizo a anthu, n'kusankha Uthman (RA).

Anamwalira mu 32 AH ndipo anaikidwa ku Baqi'. Mu wasiya wake anasiyira aliyense wotsala mwa omenya nkhondo ya Badr ma dinar 400, ndipo iwo analipo pafupifupi 100. Allah asangalale naye.