Joseph Lister, Dokotala Amene Anagonjetsa Kuwola kwa Zilonda

Masiku ano munthu akathyoka mwendo kapena akadwala matenda ofunika opaleshoni, abale ake amathamanga naye kuchipatala ali ndi chikhulupiriro chakuti akachira. Koma kale zinthu sizinali chomwechi. Ngakhale m'zipatala zikuluzikulu za ku Ulaya, wodwala akamva kuti madokotala amng'amba, ankadziŵa kuti mwina sadzaonanso kwawo. Mmodzi mwa anthu amene anasintha zimenezi ndi Joseph Lister.

Lister anabadwa pa 5 Epulo, 1827, pamudzi wa Upton, kufupi ndi mzinda wa London ku Mangalande. Atate ake anali a malonda, komanso anali katswiri wokonza magalasi a maikulosikopu, chida choonera tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Motero Joseph anazoloŵera kuyang'ana m'chidachi akali mwana, ndipo ankakonda kupenda mafupa a nsomba ndi a tinyama.

Atakula, anakaphunzira pa University College ku London. Mu 1846, iye akali pasukulupo, dokotala wina dzina lake Robert Liston anadula mwendo wa munthu atayamba wamgoneka ndi mankhwala otchedwa ether. Mankhwalaŵa asanadze, wodwala ankamgwira manja ndi miyendo uku akulira, ndipo dokotala wotchuka anali amene ankadula mofulumira. Tsopano ululu uja unatha, koma imfa sinathe ayi.

Chimene chinkapha anthu chinali kuwola kwa zilonda. Pakapita masiku oŵerengeka, chilonda chinkatupa, nkuyamba kutuluka mafinya ndi kununkha. Thupi linkatentha, kenaka munthu uja nkumwalira. Madokotala ambiri ankakhulupirira kuti chochititsa chinali mpweya woipa wa m'chipatala. Iwo ankagwira chilonda cha uyu ndi cha uyo osasamba m'manja. Mipeni sankaitsuka mokwanira, ndipo majekete awo ankachita kuuma ndi magazi.

Lister anatsiriza maphunziro a udokotala mu 1852. Chaka chotsatira anapita ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kukagwira ntchito pansi pa dokotala wamkulu, James Syme. Mu 1856 anakwatira Agnes, mwana wa Syme, amene anakhala mthandizi wake wamkulu polemba zonse zimene mwamuna wake ankapeza. Mu 1860 anamsankha kukhala mphunzitsi wa opaleshoni payunivesite ya Glasgow.

Kumeneko iye ankadabwa ndi chinthu chimodzi. Fupa likathyoka khungu osang'ambika, munthu ankachira bwinobwino. Koma fupa likaboola khungu, kaŵirikaŵiri chilondacho chinkawola. Kodi nchiyani chinkaloŵa pabalapo? Yankho analipeza poŵerenga zimene analemba Louis Pasteur wa ku France. Pasteur anaonetsa kuti mkaka ndi vinyo zimasasa chifukwa cha tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso. Lister anaganiza kuti tizilombo totero nditonso tinkawoletsa zilonda.

Moto umapha tizilombo, koma chilonda cha munthu sungachiphike. Panafunika mankhwala. Lister anamva kuti m'tauni ya Carlisle ankathira mankhwala otchedwa carbolic acid m'madzi a zonyansa pofuna kuthetsa fungo, ndipo anatsimikiza zoŵayesa.

Mu Ogasiti 1865 kuchipatala cha Glasgow kunabwera mnyamata wa zaka 11 amene gudumu la ngolo linamponda mwendo, fupa nkuboola khungu. Nthaŵi imeneyo mwendo wotere kaŵirikaŵiri ankangoudula. Lister anaika pabalapo nsalu yonyika m'mankhwala aja, namanga mwendowo ndi timatabwa. Chilondacho sichinawole. Patapita milungu isanu ndi umodzi, mnyamatayo anatuluka m'chipatala akuyenda ndi miyendo yake iŵiri.

Kuyambira pamenepo Lister analamula kuti manja, mipeni, nsalu ndi ulusi zizitsukidwa m'mankhwalawo. Zotsatira zake zinali zoonekeratu. Asanayambe njira imeneyi, mwa anthu 35 amene anadulidwa mkono kapena mwendo, 16 anamwalira. Atayamba, mwa anthu 40 anamwalira 6 okha. Mu 1867 analengeza njira yake m'nyuzi ya madokotala yotchedwa The Lancet.

Komabe si onse amene anamkhulupirira. Ena ankamseka chifukwa chooopa tizilombo timene sankationa. Ena ankadandaula kuti mankhwalawo ankasupula khungu la m'manja ndi kuchedwetsa ntchito. Lister, amene anali munthu wofatsa, sanataye mtima. Anapitiriza kuphunzitsa achinyamata ndi kukonza njira yake. Madokotala a ku Germany ndiwo anaitsata msanga. Mu 1871 iye anatumbula chithupsa chimene chinatuluka m'khwapa mwa Mfumukazi Victoria, ndipo mfumukaziyo inachira. Mu 1877 anasamukira ku London, kumene otsutsa anali ambiri, kuti akadzionere okha ntchito yake.

Lister sanali wokakamira maganizo ake akaona kuti pali china chabwino. Kwa zaka zambiri ankapopera mankhwala aja mumpweya pochita opaleshoni, koma mu 1890 analeka, atazindikira kuti tizilombo toopsa kwambiri ndi ta m'manja ndi pazida.

Mkazi wake anamwalira mu 1893, ndipo iwo analibe ana. Mu 1897 Mfumukazi Victoria inampatsa ulemu wa dzina lakuti Lord Lister. Iye anamwalira pa 10 Febuluwale, 1912, ali ndi zaka 84.

Lero madokotala sagwiritsanso ntchito njira yakale ija, pakuti kunabwera mankhwala ena abwino. Zida amaziphika m'nthunzi yotentha, ndipo amavala magolovesi ndi zophimba pakamwa. Koma nzeru yake ndi yomwe ija ya Lister: tizilombo tisafike pachilonda. Inunso mukasamba m'manja ndi sopo, nkutsuka bala ndi madzi oyera musanalimange ndi nsalu yochapa, mukutsata mapazi ake.

Mafunso

1. Kodi Lister anabadwira kuti, ndipo anabadwa liti?
2. Nchifukwa chiyani anthu ankamwalira atachitidwa opaleshoni?
3. Lister anaphunzira chiyani kwa Louis Pasteur?
4. Fotokozani mmene anachizira mnyamata wothyoka mwendo uja.
5. Inu mungasamale bwanji bala kuti lisawole?